Ulemu wonse wathawira kumipando yakutsogolo

Mwambo uliwonse masiku ano, kaya ndi wotsegulira mjigo, wolandira mabuku pasukulu ngakhale maliro amene, umayamba ndi kalembera wa mayina. Woyendetsa mwambo amagwira chimkuzamawu n'kuyamba: Gogo Chalo, olemekezeka aphungu athu, olemekezeka akhansala, bwana DC kapena amene akuwaimira, magulupu onse, nyakwawa zonse, abusa, mashehe, apampando a komiti ya chitukuko, apampando a komiti ya sukulu. Akafika kumapeto, mpweya utamuthera, amatembenukira kwa anthu amene akhala padzuwa chiyambire m'mawa n'kunena mothamanga kuti, "ndi nonse amene mwabwera." Wolankhula wachiwiri amayambiranso pomwe paja. Wachitatu chimodzimodzi. Ndipo tsoka kwa amene angalumphe dzina limodzi, chifukwa mwini wakeyo akhoza kutsanzika msanga, ngakhale fungo la nyama ya mbuzi litayamba kale kumveka.

Musandimve molakwa, awerengi. Ulemu kwa akuluakulu ndimaphunzitsa ana tsiku ndi tsiku. Chimene chikundisowetsa mtendere ndi anthu a padzuwa aja. Pa mwambo wa makolo athu, aliyense wa iwo adali ndi dzina lake laulemu, ngakhale wopanda mbuzi ndi imodzi yomwe. Lero mayina amenewo akufota, pomwe a kumipando yakutsogolo akuswana ngati namasupuni.

Kuti nkhaniyi imveke bwino, tiyeni tisuzumire kaye ku India, kumene mayina aulemu adafika posanduka mpanda. Kumeneko kuli gulu la anthu lotchedwa Rajput, lomwe likupezeka kwambiri m'chigawo cha Rajasthan ndi madera ena akumpoto kwa dzikolo. Dzinalo limatanthauza "mwana wa mfumu". Kwa zaka mazanamazana anthu amenewa ndiwo adali ankhondo ndi eni nthaka, ndipo munthu salowa m'gululi chifukwa cha chuma kapena sukulu, amachita kubadwiramo.

Mayina awo adawayala mwadongosolo lodabwitsa. Mwini mudzi kapena mwini minda amatchedwa Thakur, mkazi wake Thakurani. Mwana wake wamwamuna, bambo akadali moyo, ndi Kunwar. Mdzukulu, agogo akadali moyo, ndi Bhanwar. Ukangomva mmene munthu akumuitanira, wadziwa kale ngati pakhomo pawo mkulu wa banja akadalipo kapena adatsikira kulichete. Mnyamata amamuitana kuti Banna, mtsikana Baisa. Pamwamba pa onsewa pali Rao, Rawal, Rana, Raja ndi Maharaja, ndipo mfumu ya ku Udaipur idali ndi lakelake, Maharana. Amuna ambiri a gululi amaika dzina loti Singh, kutanthauza mkango.

Angerezi atafika adapeza makwerero amenewa alipo kale, iwo n'kuwonjezerapo ao. Adayamba kuyeza ukulu wa mfumu ndi kulira kwa mizinga. Mafumu apamwamba kwambiri ankawaombera ka 21, wa ku Udaipur ka 19, a ku Jaipur ndi Jodhpur ka 17, mpaka kutsika m'munsi. India italandira ufulu mu 1947, maufumu oposa 500 adalowa m'dziko latsopanolo, ndipo boma lidalonjeza kuti lizipereka ndalama kwa mafumuwo chaka ndi chaka ndi kulemekeza mayina awo. Lonjezolo lidatha mu 1971, pamene boma la Indira Gandhi lidasintha malamulo oyendetsera dziko n'kuthetsa zonse ziwiri, ndalama ndi mayina omwe. Lero pamaso pa lamulo ku India kulibe Maharaja, ndipo nyumba zina zachifumu zidasanduka mahotela. Koma pakamwa pa anthu mayinawo akadalipo, ndipo akuluma. Mu 2018 nyuzipepala za kumeneko zidalemba za achinyamata a gulu lonyozedwa la Dalit, m'chigawo cha Gujarat, amene adaopsezedwa, ena kumenyedwa kumene, chifukwa choika dzina la mkango lija pa Facebook ndi pamakalata oitanira anthu kuukwati. Mlandu wawo udali wakuti avala dzina la eni ake.

Munthu mmodzi kumeneko adauona msampha umenewu kalekale. Mu 1699 Guru Gobind Singh, mtsogoleri wa chipembedzo cha Sikh, adalamula kuti mwamuna aliyense wolowa m'gulu lake azitchedwa Singh, mkazi aliyense Kaur, posayang'ana kumene adabadwira. Adatenga dzina la ochepa n'kuligawa kwa onse.

Tikabwera kwathu kuno, kumtunda kwa makwerero sitisiyana nawo kwenikweni. Amaravi adali ndi Kalonga wa mfunda wa Phiri, mayi wa ufumu Nyangu, mkazi wa mfumu Mwali wa mfunda wa Banda, ndi Makewana wosunga za mvula ku Msinja. Mpaka lero Achewa a maiko atatu amakagwada kwa Kalonga Gawa Undi ku Mkaika, m'boma la Katete ku Zambia. Amang'anja ali ndi Lundu ku Chikwawa. Angoni, amene adawoloka Zambezi m'zaka za m'ma 1830, adadza ndi Inkosi ya Makosi, M'mbelwa ku Mzimba ndi Gomani ku Ntcheu, ndipo mkango nawo ali nawo, paja Gomani amamutcha Ngwenyama. Ku Rumphi kuli Themba la Mathemba Chikulamayembe, ku Karonga kuli Kyungu. Alhomwe amati mwene, Ayao amati mwenye, mawu omwe aja ife timatchulira anthu ochokera ku India, ambiri osadziwa n'komwe kuti tikuwapatsa ufumu nthawi iliyonse tikamakagula nsalu kusitolo kwawo.

Kusiyana kwathu ndi a Rajput kuli pansi, ndipo mpamene makolo athu adaonetsa nzeru. Chimene Guru Gobind Singh adachita kulamula, kwathu chidalipo popanda wolamula. Munthu aliyense adali ndi mfunda, ena amati chiwongo: Phiri, Banda, Mwale, Mbewe, Nkhoma, Chisale, Jere, Ngozo. Kwina amatengera kwa mayi, kwina kwa bambo, koma wopanda mfunda kudalibe. Mfunda sudali wolemba papepala, udali woitanira. Mwamuna akadya nsima n'kukhuta ankathokoza mkazi wake potchula mfunda. Mkazi sakadayerekeza kuitana mwamuna wake ndi dzina lake lenileni pagulu, ndipo mwamuna nayenso chimodzimodzi: ankati Naphiri, Nabanda, Nambewe, Nankhoma, Nachisale. Kachidutswa ka "Na" kameneka kadali nduwira ya mkazi aliyense. Mayi wogulitsa thelele pamsika adali Naphiri mofanana ndi mlongo wake wa mfumu, ndipo mlendo wochokera kutali akamva mfundawo ankatha kunena kuti, "ndiye kuti ndinu mlongo wanga," n'kupeza pogona usiku umenewo.

Kuno ku Kachulu, kumene Anyanja, Ayao ndi Alhomwe adasakanikirana kalekale chifukwa cha nyanja, chuma chimenechi chidali chowirikiza. Mukakhala padoko m'mawa, mabwato akuchokera ku Chisi, tcherani khutu kwa anthu achikulire. Mudzamva "Che Uje" kwa mwamuna, ngakhale akhale wopalasa bwato la mwini wake. Mudzamva "Abiti Uje" kwa mayi amene akuyanika matemba, ndipo dzina limenelo likukuuzani kuti ndi mwana wa yani, monga mmene Kunwar amauzira anthu a ku Rajasthan za bambo a mnyamata. Kusiyana kwake n'kwakuti Abiti safuna kuti bambowo akhale ndi minda. Mwana wamkazi wa msodzi wa mono umodzi ndi Abiti ndithu. Mudzamvanso "ambuje" kwa nkhalamba, "achimwene" ndi "achemwali" kwa anthu amene sali pachibale n'komwe.

Ndipo dzina linkakula pamodzi ndi mwini wake. Mnyamata akatuluka kundagala, kapena mtsikana akavinidwa, ankalandira dzina latsopano, ndipo kumuitana ndi la paubwana kudali chipongwe chofika nacho kubwalo. Akabereka, dzina lija linkabisikanso, n'kukhala bambo a Uje, make Uje. Akakalamba, gogo. Mlongo wa mayi ako wamwamuna adali atsibweni kapena amalume, mwini mbumba, nkhoswe ya ukwati wako, munthu woti ukapalamula ndiye amakayankha. Dzina lililonse pa amenewa linkabwera ndi katundu wake. Ukatchedwa nkhoswe, udziwe kuti banja la ana aja likayamba kugwedezeka pakati pa usiku, khomo logogodedwa ndi lako.

Tsono tamverani mmene tikuitanirana lero. Atsibweni adasanduka ankolo, ndipo ankolo ndi mwamuna aliyense wamkulu amene ukufuna kuti akugulire fanta. Azakhali ndi anti. Pamsewu ndi "ase", "madala", "bigi", "mamuna". Wovala nsapato zopukuta ndi bwana, mkazi wake dona kapena madamu. Mayina atsopanowa amayeza thumba ndi chovala, ndipo thumba likaphwa, dzina limapita nalo. Amene dzulo adali bigi chifukwa adali ndi makoka awiri, nyanja ikauma amabwerera kukhala ase.

Ife a kusukulu tili ndi mbali yathu pa imfa imeneyi, pamodzi ndi achipatala ndi onse ogwira zolembera. Fomu iliyonse imafuna zinthu ziwiri, dzina loyamba ndi la bambo, basi. Ilibe malo a mfunda ngati mfundawo suli dzina la bambo, ilibe malo a Abiti, ilibe malo a dzina la kuchinamwali. Mayi wa zaka 60 amakhala pabenchi kudikira mankhwala, kamnyamata kobadwa dzana n'kumuitana mokuwa ndi dzina limene adalisiya ali namwali, dzina limene ngakhale mwamuna wake sadalitchulepo. Mayiyo amadzuka ndithu, chifukwa mankhwala akuwafuna, koma yang'anani nkhope yake. M'kalasi mwanga ndikafunsa ana a Fomu 1 kuti mfunda wawo ndi chiyani, ambiri amayang'anana. Amene dzina lawo lomaliza ndi Phiri kapena Banda amapulumukira pomwepo. Ena amandifunsa ngati zimenezo zibwere pamayeso. Koma muwafunse maudindo a anthu a kumipando yakutsogolo, akuwerengerani onse mwandondomeko, chifukwa amawamva sabata ndi sabata.

Nanga kumtundako kudatupa bwanji? Monga ku India, atsamunda ndiwo adayamba kuyeza mafumu athu ndi muyezo wao. Mu 1912 adakhazikitsa lamulo loika mafumu ena pamwamba pa anzawo kuti azithandiza bwanamkubwa wa boma kutolera msonkho ndi kusunga bata. Mu 1933 adawapatsa mabwalo ndi mphamvu zina pansi pa boma lomwelo. Kuyambira pamenepo ufumu udakhala ndi eni awiri, mbumba imene imasankha ndi boma limene limavomereza. Ndipo wovomereza amathanso kulanda. Mu 1953 Inkosi ya Makosi Philip Gomani wachiwiri adauza anthu ake kuti akane malamulo a boma posonyeza kudana ndi chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Boma lidamuchotsa pampando n'kulamula kuti achoke ku Ntcheu. Adathawira m'dziko la Apwitikizi pamodzi ndi mbusa Michael Scott, koma adamubweza, ndipo adamwalira mu 1954 ku chipatala cha Malamulo. Papepala la boma adafa ali munthu wamba. Kwa Angoni ake adafa ali Gomani, ndipo lero bwanamkubwa amene adasaina kalata yomuchotsa ndi ochepa angamutchule dzina.

Titalandira ufulu, ife tidalowera kwina kosiyana ndi India. Lamulo la mafumu la 1967 lidaika m'manja mwa Pulezidenti mphamvu zovomereza, kukweza ndi kuchotsa mafumu akuluakulu. Ndipo chaka chomwe chija cha 1971, pamene India inkavula mafumu ake mayina, ife tinkaveka Dr Hastings Kamuzu Banda la Wamuyaya, pamwamba pa Ngwazi ndi Mkango. Chimene ambiri sitilingalira n'chakuti mayina ena adachita kuwatenga m'nyumba mwathu. Nkhoswe adali malume wa pakhomo, koma idapezeka Nkhoswe Nambala Wani ya dziko lonse. Mbumba idali alongo ako ndi ana awo, koma amayi onse a m'Malawi adasanduka mbumba ya munthu mmodzi. Uwamuyaya udatha mu 1993, koma chilakolako cha mayina sichidathe. Bingu wa Mutharika nayenso adadzatchedwa Ngwazi, ndipo atsogoleri ena onse akhala ndi awoawo owatamandira pamisonkhano.

Kuyambira 1994 boma lililonse lakhala likukweza mafumu, makamaka chisankho chikamanunkhira. Nyakwawa ikhala gulupu, gulupu akhala Sub T/A, T/A akhala Senior Chief. Ena mwa okwezedwawo ngoyeneradi, chifukwa anthu achuluka ndipo dera limodzi silingayendetsedwe ndi munthu mmodzi monga kale. Koma tonse tikudziwa chimene chidachitika m'midzi makuponi a fetereza otsika mtengo atayamba mu 2005. Mudzi umene udali umodzi udagawika patatu, panayi. Akulu a limana lililonse adaona kuti njira yachidule yofikitsira mayina a abale awo pamndandanda wa makuponi, wa chimanga cha chithandizo ndi wa mtukula pakhomo ndiyo kukhala ndi chidindo chawochawo. Kuwonjezera apo pali mswahara wa mwezi ndi mwezi kwa amene alowa m'kaundula wa boma. Mapeto ake mupeza nyakwawa ya nyumba khumi ndi ziwiri, anthu ake onse ndi ana ake ndi akamwini ake, koma pamaliro ikufuna mpando, ikufuna kutchulidwa, ndipo nkhuku yake isaiwalike. Milandu yolimbirana ufumu, imene kale inkathera m'nyumba ya amayi akuluakulu a mbumba, lero ikukathera ku High Court, abale a bere limodzi atalemba maloya.

Akale adati mfumu ndi dzala. Ankatanthauza kuti zinyalala zonse za mudzi, milandu, matenda, njala, maliro a mlendo wopanda abale, zimakatayidwa pakhomo pake ndipo iye sayenera kunyansidwa. Mafumu otere alipo, ndipo sindikufuna kuti wina aganize kuti ndikunyoza ufumu. Theresa Kachindamoto adagwira ntchito ya ulembi pakoleji ya zaubusa mumzinda wa Zomba kwa zaka 27 asanaitanidwe kwawo ku Dedza kukakhala Inkosi. Atafika adathetsa maukwati a ana mazanamazana, adabwezera atsikana kusukulu, ndipo nyakwawa zimene zinkaloleza maukwatiwo adaziimitsa paudindo. Dzina la Inkosi pa mayi ameneyu lidagwira ntchito imene kalata ya ku Capital Hill payokha sikadatha.

Kwathu kuno muyezo wa dzina la mfumu ndi nyanja. Chilwa idauma mu 1968, idaumanso mu 1995, ndipo mu 2018 tidaona ndi maso athu mabwato atagona pamatope ong'ambika, anthu akuyenda pansi pamene padali madzi. Itauma mu 1995, nsomba zotsala zidabisala m'maiwe a mitsinje yothira m'nyanjayi monga Domasi, Likangala ndi Phalombe. Zikadathera momwemo, chifukwa anthu anjala ankathiramo katupe. Adaziteteza ndi mafumu a m'mbali mwa nyanja mogwirizana ndi a nthambi ya zausodzi, poletsa kupha nsomba m'maiwemo ndi kukhazikitsa makomiti oyang'anira. Madzi atabwerera, matemba, makumba ndi milamba zidabwerera nawo. Pamenepo mayina monga Mwambo, Mkumbira, Kuntumanji ndi Kawinga adalemera, chifukwa mawu awo adamveka mpaka kwa munthu amene ana ake adagona ndi njala.

Lero mafumu m'mbali mwa nyanjayi achuluka kuposa mu 1995, makomiti a m'madoko aliponso ndi apampando awo, koma nyengo yotseka nyanja ikafika makoka ena amalowabe usiku, ndipo maneti a udzudzu akukokolola ndi tiana ta nsomba tomwe. Msodzi wogwidwa padoko la mfumu iyi amakatulukira padoko la mfumu inayo, kumene akudziwa kuti kachidebe ka matemba kakhoza kutseka maso. Mawu amene kale ankachokera pakamwa pamodzi tsopano akuchokera pakamwa khumi, ndipo msodzi amasankha pomvera.

Palinso china chimene chidatayika ku zimbowera, tinyumba toyandama tija m'mene asodzi amakhala miyezi osaponda kumtunda. Kale mlendo akafika padoko ankafunsidwa mfunda ndi kwawo, n'kupezeka kuti ali ndi "mlongo" kapena "malume" pamudzipo amene angamuyankhire akalakwa. Mnyamata wa lero wochokera ku Phalombe kapena ku Mangochi amadziwika ndi dzina lachipongwe limene anzake adamupatsa, ndi nambala ya foni. Akaphwanya lamulo la nyanja palibe nkhoswe yoti aipite, ndipo kolera ikamugwira m'chimbowera, anthu amayamba kufufuza kwawo mtembo uli kale padoko.